Masiku anayi ku magombe a Normandy: ulendo wabwino umene umaonetsa mbali imodzi ya nkhondo

Ndisanasamukire kuno ku Britain ndinaphunzitsapo mbiri yakale kwa zaka zingapo pasukulu ina ya sekondale kwathu, ndipo mutu wa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse ndinkaubwereza chaka ndi chaka mpaka ndinkatha kujambula mapu a Ulaya pabolodi osayang'ana m'buku. Mayina a Dunkirk, Stalingrad, El Alamein ndi Normandy anali pamlomo panga ngati mayina a midzi yoyandikana ndi kwathu, koma kunena zoona panalibe malo ngakhale amodzi mwa amenewa amene ndinapondapo. Choncho pamene mwana wanga wachisamba anayamba kuphunzira nkhani zomwezi kusukulu kwawo n'kumandipanikiza ndi mafunso, ndinaganiza zopisa m'thumba kuti tonse awiri tikaone ndi maso athu. Tinalipira kampani ina ya kuno imene imatenga anthu pabasi kupita nawo ku magombe a Normandy, kumpoto kwa France, kwa masiku anayi. Makampani otere alipo angapo ndipo malo amene amaimapo ndi omwewo, choncho ndikhulupirira kuti zimene ndilemba pano zithandiza aliyense amene akulingalira za ulendo woterewu.

Ndiyambe ndi chimene chinandikhumudwitsa, popeza chinachitika tisananyamuke n'komwe. Mtengo umene kampaniyo imalengeza umaphatikiza basi, sitima yapamadzi, malo ogona, chakudya cham'mawa ndi chamadzulo, ndalama zolowera m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, komanso munthu wofotokozera, ndipo zonsezi anazikwaniritsa. Koma m'makalata onse amene anatitumizira munalibe liwu ngakhale limodzi lonena za viza, chifukwa iwo amangoganiza kuti aliyense wokwera basi yawo ali ndi pasipoti ya Britain. Munthu wa pasipoti ya Malawi, ngakhale ali ndi chilolezo chokhalira ku Britain, amafunika viza ya Schengen kuti alowe mu France, ndipo popempha vizayo pamafunika kalata yosonyeza kumene akagone ndi tsiku lobwerera. Kalata imeneyi ndinachita kuilondalonda, kuimba foni katatu konse, ndipo inabwera patapita milungu iwiri mtima wanga uli kale m'mwamba. Amene ali ndi pasipoti yakwathu ndiwatsine khutu kuti aziitanitsa kalatayo tsiku lomwelo limene alipira.

Tinakwera sitima ku Portsmouth usiku ndipo tinafika ku Ouistreham kukungocha kumene. Pamenepa kampaniyo inaganiza bwino, chifukwa doko la Ouistreham lili kumapeto kwenikweni kwa gombe limene asilikali analitcha Sword, kotero kuti mlendo amafika ku Normandy kuchokera panyanja, m'bandakucha, monga anafikira asilikali a Britain ndi anzawo pa 6 June 1944, tsiku limene anabwera kudzamasula France m'manja mwa Ajeremani. Ndinadzutsa mnyamata wanga kuti tikaime panja ngakhale kunali mphepo yolasa m'mafupa. Kutsogolo kwathu kunali mchenga wotuwa, mzere wa nyumba ndi nyali zochepa, popanda phiri kapena chilumba choti sitima n'kubisalako. Iye atayang'ana kwa kanthawi anandifunsa kuti, "Adadi, ndiye kuti amene anali kumtunda ankawaona onse akubwera?"

Wotifotokozera anali bambo achikulire amene anapuma pa ntchito yausilikali, a mawu otsika koma omveka, ndipo aliyense wa ife anapatsidwa kachipangizo koika kukhutu kuti aziwamva ngakhale ataima patali kapena mphepo ikuwomba. Ndiwayamikire pa chinthu chachikulu chimodzi, chakuti sankaikometsera nkhondo. Basi itangonyamuka anatenga pafupifupi ola lathunthu akufotokoza mmene zinthu zinafikira pamenepa. Anayambira pa 30 January 1933, tsiku limene Adolf Hitler anapatsidwa udindo wotsogolera boma la Germany, ndi mmene m'miyezi yochepa chabe anathetsera zipani zina zonse, kutseka pakamwa nyuzipepala ndi kutsekera otsutsa m'misasa yachibalo. Anafotokoza kulandidwa kwa Austria mu 1938 ndi kwa Czechoslovakia, kumene atsogoleri a Britain ndi France anangokuyang'anira poganiza kuti fisi akakhuta asiya mbuzi zotsala, kenako kuukiridwa kwa Poland pa 1 September 1939, kumene kunachititsa mayiko awiriwa kulengeza nkhondo patapita masiku awiri. Mu May 1940 akasinja a Germany anadutsa m'nkhalango ya Ardennes, kumene akuluakulu a nkhondo a France ankati n'kovuta kudutsika, ndipo m'milungu 6 yokha France inali itagonja. Asilikali pafupifupi 338,000 a Britain ndi France anapulumutsidwa pa doko la Dunkirk, koma akasinja, mizinga ndi magalimoto awo anazisiya pamchenga. Kuti abwererenso ku gombe la kumpoto kwa France ndi mphamvu zokwanira panatenga zaka zinayi.

Kufotokoza kumeneku kunali kolongosoka, koma mphunzitsi mwa ine anaona mipata. Za Benito Mussolini, amene anatenga ulamuliro wa Italy mu 1922, Hitler asanamveke n'komwe, anangozitchula podutsa, ndipo sananene kanthu za mmene anaukirira Ethiopia mu October 1935 mpaka kuponya mpweya wapoizoni pa anthu, kapena za mmene Haile Selassie anakadandaulira ku bungwe la League of Nations ku Geneva mu 1936 n'kubwerako chimanjamanja. Japan inali italanda kale Manchuria mu 1931 ndi kuyamba nkhondo yeniyeni ndi China mu 1937. Nalonso pangano la pa 23 August 1939, limene Hitler ndi Joseph Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, anagwirizana kugawana Poland, linangotchulidwa m'chiganizo chimodzi. Munthu wosadziwa akanatuluka m'basimo akuganiza kuti wolamulira mwankhanza anali mmodzi yekha, ndi kuti nkhondo inayambira ku Ulaya kokha.

Malo oyamba kuima anali pa mlatho wa Pegasus, ku Bénouville, umene umadutsa pa ngalande yaikulu yochokera ku Caen kupita kunyanja, ndipo apa ndi pamene ndinayamba kuona phindu la ndalama zanga. Usiku wa pa 6 June, nthawi itangopitirira pang'ono 12 koloko, ndege zitatu zamatabwa zopanda injini, zimene zinakokedwa ndi ndege zina kuchokera ku England n'kumasulidwa m'mwamba, zinatera mwakachetechete pafupi ndi mlathowo zitanyamula asilikali otsogozedwa ndi Major John Howard. Ntchito yawo inali kulanda mlathowo usanaphulitsidwe, kuti akasinja a Germany asawolokerepo kukamenya m'nthiti mwa amene ankatera pagombe. Pamalo pamene ndege iliyonse inaima anaikapo kachipilala, ndipo wotifotokozera uja anatiuza kuti tiyende kuchoka pa kachipilala koyamba kukafika pamlatho tikuwerenga mapazi. Ine ndinawerenga mapazi osakwana 70. Woyendetsa ndege yopanda injini, mumdima, anaimika ndege yake pamtunda umene mwana angaponye mwala, ndipo mlathowo unalandidwa m'mphindi zochepa. Mlatho umene ulipo lero ndi watsopano, wa m'zaka za m'ma 1990, koma wakale uja anausunga pabwalo la nyumba ya zinthu zakale imene ili pafupi, ndipo mlendo amaloledwa kuyendapo.

Masana ake tinapita ku Longues-sur-Mer, kumene mizinga ikuluikulu ya Ajeremani ikadali m'nyumba zake za konkire, italoza kunyanja. Iyi inali mbali ya mpanda umene Hitler analamula kuti umangidwe m'mphepete mwa nyanja kuchokera ku Norway mpaka kumalire a Spain, ndipo ambiri mwa amene anaumanga ankagwira ntchito ya thangata, atagwidwa m'mayiko ogonjetsedwa. Pano bambo aja anafotokoza chinthu chimene ndinachiona kuti ndi phata la nkhani ya maulamuliro opondereza. Erwin Rommel, amene ankayang'anira gombeli, ankafuna kuti akasinja akhale pafupi ndi madzi kuti mdani akanthidwe asanaumitse mapazi, pamene akuluakulu ena ankafuna kuwasunga kumbuyo. Hitler anathetsa mkanganowo posunga gawo lalikulu la akasinjawo m'manja mwake, kuti asasunthe popanda chilolezo chake. M'mawa wa pa 6 June iye anali m'tulo ndipo panalibe amene anayerekeza kumudzutsa, pomwe Rommel anali kwawo ku Germany chifukwa linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa mkazi wake, atakhulupirira kuti nyengo yoipa ija sikanalola aliyense kuwoloka. Kuwonjezera apo, Ajeremani anali atapusitsidwa kwa miyezi yambiri ndi mauthenga abodza a pawailesi ndi akazitape otembenuka mtima, moti ngakhale nkhondo itayamba ankadikirabe gulu lalikulu ku Pas-de-Calais, limene kunalibe. Kumbali ya Britain ndi America, Dwight Eisenhower, mkulu wa asilikali onse owoloka nyanjawo, anamvera katswiri wake wa zanyengo, James Stagg, n'kuchedwetsa ulendo ndi tsiku limodzi, ndipo anali atalemberatu kakalata konena kuti zinthu zikalephereka mlandu ndi wake yekha.

Ku Arromanches sitinakhalitse, koma zimene zili kumeneko n'zodabwitsa. Mu August 1942 asilikali, ambiri a iwo a ku Canada, anayesa kuukira doko la Dieppe ndipo anakanthidwa koopsa, zimene zinasonyeza kuti kulanda doko lotetezedwa kuchokera panyanja n'kudzipereka kukamwa kwa ng'ona. Choncho Angelezi anapanga madoko awiri kwawo, m'zidutswa za konkire zazikulu ngati nyumba zosanjikizana, n'kuzikoka kudutsa nazo panyanja. Doko la pa gombe limene asilikali analitcha Omaha linaphwanyidwa ndi namondwe amene anayamba pa 19 June, koma la ku Arromanches linagwira ntchito kwa miyezi ingapo, ndipo zidutswa zake zikuonekabe m'madzi mpaka lero.

Tsiku lachiwiri linali la Omaha, ndipo ngati munthu atandifunsa chifukwa chimodzi cholipirira ulendowu ndingamuuze za m'mawa umenewo. Ife ozolowera nyanja ya Malawi sitidziwa bwino za madzi amene amaphwa ndi kudzazanso kawiri patsiku, koma ku Normandy nyanja ikaphwa imasiya mchenga wa mamita mazana angapo. Kampaniyo inakonza nthawi kuti tifike madzi ataphwa, ndipo wotifotokozera anatitsogolera mpaka kumene mafunde ankathera, kenako anatiuza kuti titembenuke. Kutsogolo kwathu kunali mchenga wosalala wopanda ngakhale chitsa, ndipo kumapeto kwake kunali zitunda zazitali zokhota ngati chikwakwa, kotero kuti mfuti yachiwaya ya mbali ino inkatha kusesa gombe mpaka mbali inayo. Asilikali a ku America anatsitsidwa pamenepa cha m'ma 6:30 m'mawa, madzi ali otsika, kuti zitsulo ndi mitengo yomangiriridwa mabomba imene Ajeremani anazika zionekere. Ndege zimene zinayenera kuphwanya malo a mdani zinaponya mabomba ake kumtunda kwambiri chifukwa cha mitambo, ndipo mwa akasinja 29 oyandama amene gulu lina linatsitsira m'madzi, 27 anamira asanafike. Kumtundako kunali asilikali odziwa nkhondo a gulu la 352, ochuluka kuposa mmene ankayembekezera.

Bambo aja anatiuza kuti tiyende kupita kumtunda mwachifatse, osathamanga, tikukumbukira kuti anyamata aja anali atanyowa, atasanza usiku wonse m'mabwato, ndiponso atasenza katundu wolemera. Tinayenda anthu oposa 30 popanda wolankhula, ndipo chimene chinkamveka ndi nsapato zikumira mumchenga wonyowa. Mwana wanga, amene panyumba sachedwa kutulutsa foni, sanaikhudze n'komwe. Titafika pa miyala ya kumtunda anatiuza kuti tauni yaing'ono ya Bedford, ku Virginia, inataya anyamata 19 a gulu limodzi tsiku lomwelo, ndi kuti pagombe limeneli anthu oposa 2,000 anaphedwa, kuvulala kapena kusowa, moti General Omar Bradley anafika poganiza zoleka kutsitsirapo asilikali. Chimene chinapulumutsa zinthu ndi timagulu ting'onoting'ono timene tinakwera zitunda zija patokha, pamodzi ndi sitima zankhondo zimene zinayandikira kumtunda mpaka kutsala pang'ono kutitimira mumchenga kuti ziwombere molunjika. Pofika usiku, asilikali pafupifupi 156,000 anali atatera pa magombe asanu a Utah, Omaha, Gold, Juno ndi Sword kapena kugwa kuchokera m'mwamba, pamtunda wa makilomita 80, ndipo oposa 4,400 mwa iwo anali atafa. Manambala amenewa ndinkawalemba pabolodi, koma sindinkadziwa kutalika kwa mchenga umenewo.

Ku Pointe du Hoc, kumene asilikali 225 otsogozedwa ndi James Rudder anakwera phompho la mamita 30 ndi zingwe n'kupeza mizinga imene ankaifuna itasunthidwa kale, nthaka ikadali maenje okhaokha a mabomba, koma tinangopatsidwa mphindi 40 ndipo tinachoka tisanakhutire. Nthawi imene inaperewera apa inatayika ku Sainte-Mère-Église, kumene chidole cha msilikali chimalendewera pa nsanja ya tchalitchi pokumbukira John Steele, amene parachuti yake inakodwa pamenepo. Tinakhala m'tauniyo maola awiri, ndipo ambiri anathera m'masitolo ogulitsa makapu, zipewa ndi timfuti ta ana. Sindikuletsa eni mudzi kupeza ndalama, koma kampani imene yangokuyendetsa pamchenga wa Omaha sinayenere kukusiya pakati pa malonda otere kwa nthawi yaitali chomwecho.

Tsiku lachitatu linali la manda. Ku Colleville-sur-Mer, pamwamba pa gombe la Omaha, kuli mitanda yoyera ndi nyenyezi za Chiyuda zoposa 9,300, pa udzu wometedwa bwino kwambiri. Ku Bayeux kuli manda oposa 4,000 a asilikali a Britain ndi mayiko a Commonwealth, ndipo pansi pa miyala yambiri pali mawu amene makolo kapena akazi amasiye anasankha okha. Tsidya la msewu pali chipilala cha mayina a amene matupi awo sanapezeke, ndipo pamwamba pake pali mawu a Chilatini okumbutsa kuti mtundu umene William wa ku Normandy anaugonjetsa mu 1066 ndi umene unabwera kudzamasula dziko lake. Koma ndikuyamika kampaniyo makamaka chifukwa chotitengeranso ku La Cambe, kumene kwagona Ajeremani oposa 21,000 pansi pa timiyala takuda togona pansi. Ambiri anali anyamata a zaka 18 kapena 19, amene anali ana aang'ono pamene Hitler ankatenga boma ndipo sanamvepo mawu ena kupatula ake. Wotifotokozera sanalole kuti chisoni chitiphimbe m'maso, chifukwa anatiuzanso kuti m'manda omwewo muli Adolf Diekmann, mkulu wa SS, gulu lankhondo la chipani cha Hitler, amene anatsogolera kuphedwa kwa anthu oposa 640 m'mudzi wa Oradour-sur-Glane pa 10 June 1944, amayi ndi ana atatsekeredwa m'tchalitchi. Podutsa ku Caen anafotokozanso kuti mzindawo, umene unayenera kulandidwa tsiku loyamba, unalandidwa mu July utasanduka bwinja, ndi kuti anthu wamba a ku France pafupifupi 20,000 anafa pa nkhondo ya Normandy, ambiri a iwo ndi mabomba a omwe ankabwera kudzawamasula.

Vuto lalikulu la ulendowu linaonekera madzulo a tsiku lomwelo tikudya. Mayi ena achikulire, amene bambo awo anatera pagombe la Gold, ananena mokhudzidwa mtima kuti tsopano aona malo amene Hitler anagonjetsedwera, ndipo wotifotokozera anangogwedeza mutu. Sindinafune kuwakhumudwitsa mayiwo, koma uphunzitsi sutha, choncho ndinafunsa bambo aja mwaulemu kuti, "Akuluakulu, kodi nanga za kum'mawa sitimvako pang'ono?" Pa 22 June 1941 Hitler anaphwanya pangano lake ndi Stalin n'kutumiza asilikali oposa 3 miliyoni kukaukira Soviet Union, ndipo kumeneko ndi kumene mphamvu za Germany zinathera. Mzinda wa Leningrad unazingidwa masiku 872 anthu akufa ndi njala. Ku Stalingrad gulu lonse la Ajeremani lotsogozedwa ndi Friedrich Paulus linazingidwa chifukwa Hitler anakana kuti libwerere m'mbuyo, ndipo pamene nkhondoyo inkatha pa 2 February 1943, asilikali pafupifupi 91,000 anagwidwa, mwa amene ochepa kwambiri ndiwo anadzaonanso kwawo. Ku Kursk, mu July 1943, akasinja a Germany analephera komaliza kuboola. Ndipo pasanathe milungu itatu kuchokera pa 6 June 1944, asilikali a Soviet Union anayamba nkhondo yotchedwa Bagration, imene inaphwanyiratu gulu lapakati la Ajeremani ku Belarus. Mwa asilikali anayi aliwonse a Germany amene anafa pa nkhondo yonse, pafupifupi atatu anafera kum'mawa, ndipo Soviet Union inataya anthu pafupifupi 27 miliyoni.

Bambo aja anavomereza zonsezi mosazengereza, ndipo anawonjezera okha kuti Stalin naye anali wankhanza amene apolisi ake anapha akaidi a ku Poland pafupifupi 22,000 mu 1940, ku Katyn ndi malo ena. Anati kampaniyo imawapatsa ndondomeko ya Normandy yokha chifukwa ndi imene anthu amalipirira. Ndikumvetsa, ndipo sindikuchepetsa zimene zinachitika pamagombe aja, popeza popanda zimenezo France, Belgium ndi Netherlands sakanamasulidwa mmene anamasulidwira, ndipo Paris sakanalandidwa pa 25 August 1944. Koma mphindi 20 zokha m'basi zikanakwana kuika Normandy pamalo pake pakati pa Stalingrad, El Alamein, kumene Bernard Montgomery anabweza Rommel kumapeto kwa 1942, ndi Midway, kumene Japan inataya sitima zinayi zonyamula ndege patangotha miyezi 6 chiukirireni doko lankhondo la America la Pearl Harbor. Ngakhale kuphedwa kwa Ayuda 6 miliyoni, kumene kumasonyeza poyera mtundu wa boma limene ankalimbana nalo, kunangotchulidwa kamodzi pa masiku anayi onse.

Mwana wanga ndiye anafunsa funso limene ine ndinkalizengereza, lakuti kodi anthu akuda analipo pa nkhondoyi. Apa wotifotokozera anadziwa zambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Anati gulu lankhondo la America linali losankhana mitundu, koma gulu la asilikali akuda lotchedwa 320th Barrage Balloon Battalion linatera pa Omaha ndi Utah tsiku loyamba lomwelo, ndipo madalaivala ambiri a malole amene ankanyamula mafuta ndi zipolopolo kupita kutsogolo anali akuda. Anatchulanso asilikali a ku West Africa ndi North Africa amene anatera kumwera kwa France pa 15 August 1944 pansi pa mbendera ya France. Koma nditatchula King's African Rifles, gulu la asilikali a mu Africa la boma la Britain, anavomereza kuti amangolidziwa dzina. Ndinawafotokozera kuti asilikali a ku Nyasaland, pamodzi ndi a Northern Rhodesia Regiment, anamenyana ndi gulu lankhondo la Mussolini ku Tug Argan, ku British Somaliland, mu August 1940, ndi kuti asilikali a mu Africa anali m'gulu limene linachotsa Italy mu Ethiopia mu 1941, pamene ku Ulaya zinthu zinali zisanayambe n'komwe kuwayendera Angelezi. Mu 1944, chaka chomwecho cha Normandy, Japan itabwezedwa ku Imphal ndi ku Kohima, kumene anamenyana mpaka pabwalo la tenisi la bwana DC, gulu la 11th East Africa Division, mmene munalinso anyamata akwathu, linathamangitsa mdani m'chigwa cha Kabaw ku Burma, m'nyengo ya mvula, m'matope ndi malungo, mpaka kukafika pamtsinje wa Chindwin. Bambo aja anatulutsa kabuku n'kulemba mayina amenewa, ndipo anandifunsa ngati kwathu kuli chokumbukira anthuwo. Ndinawauza za chipilala cha King's African Rifles ku Zomba ndi nsanja ya ku Area 18 ku Lilongwe, ndipo ndinachita manyazi pang'ono pozindikira kuti pa zaka zonse za uphunzitsi wanga sindinatengerepo ana asukulu ku malo amenewa.

Za malo ogona ndi chakudya palibe zambiri zonena. Hotela inali yaukhondo, kunja kwa Bayeux, zipinda zazing'ono koma madzi otentha osadukiza. Chakudya chamasana sichili pamtengo, ndipo m'matauni a alendo amenewa buledi wautali wothira tchizi ndi nyama amakwera mtengo kwambiri, choncho ndi bwino kugula zakudya m'sitolo yaikulu madzulo. Basi inali yabwino ndipo dalaivala sanachedwepo ngakhale tsiku limodzi. Pamafunika nsapato zolimba ndi jekete lotchinga mphepo ngakhale m'chilimwe cha kuno, ndipo munthu wovutika miyendo adziwiretu kuti ku Omaha ndi ku Pointe du Hoc kuli kuyenda ndithu, zimene kampaniyo sinazinene momveka m'kabuku kake. Kwa mwana wasukulu amene wawerengako kale za nkhondo yonse, kapena munthu wamkulu amene akufuna kuona mmene nthaka, mafunde ndi nyengo zimalamulira nkhondo, ulendowu ndi woyenera ndalama zake. Amene sanawerengepo kanthu ayambe wafufuza za kum'mawa kwa Ulaya ndi za ku Asia asanakwere basi, chifukwa m'basimo sakazimva pokhapokha atafunsa.

Pobwerera, tili m'sitima, anatipatsa pepala loti tilembepo maganizo athu. Ndinawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, ndipo m'kabokosi kakang'ono ka ndemanga ndinalembamo za kalata ya viza, kenako mayina atatu, Stalingrad, Tug Argan ndi Kabaw. Patapita mwezi umodzi kampaniyo inanditumizira kalata yothokoza, ya mawu omwe amatumizira aliyense, pamodzi ndi kabuku ka maulendo a chaka chamawa, kamene mwana wanga wachonga kale tsamba la Berlin ndi Auschwitz, msasa umene Ajeremani ankapherako Ayuda.